Filimu ya anime ikagwera pakati pa nkhani: yodumpha ndi iti, yosadumpha ndi iti?

Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Fomu 2, anabwera kunyumba Loweruka lina foni ili m'manja, nkhope itachita tsinya. "Amalume, kodi Rengoku anafa liti? Ine sindinaone." Anali atakopetsa katuni ya ku Japan yotchedwa Demon Slayer pa memori khadi kwa anyamata oika mafilimu pamsika. Ma episodi 26 oyamba anawamaliza m'masiku anayi, ndipo yomaliza inathera pamene mwininkhani Tanjiro ndi anzake awiri akukwera sitima yapamtunda. Atatsegula foda yotsatira anapeza Tanjiro akupita kwa abale a Rengoku, mmodzi wa akuluakulu opha ziwanda, kukapereka uthenga womaliza wa malemu. Za m'sitima muja munalibe. Woika mafilimu uja sanachite dala. Nkhani ya m'sitimayo inatuluka ngati filimu, ndiye iye anaisunga kufoda ya mafilimu, kutali ndi ma sizoni.

Funso ngati lakeli lamveka kwa anthu ambiri chiyambire pa 18 July 2025, pamene filimu ya Infinity Castle inatuluka ku Japan. Iyi ndi yoyamba mwa mafilimu atatu amene amalizitse nkhani ya Demon Slayer, ndipo imayambira pomwe episodi ya nambala 63 ya pa TV inasiyira. Amene anangomva kutchuka kwake ankafunsa ngati angaionere osadziwa zam'mbuyo. Amene anakulira pa Dragon Ball Z ankadabwa, poti iwo anazolowera kuti filimu ndi kachakudya kongoseweretsa mkamwa, nsima yeniyeni ili pa TV. Onsewa akusokonezeka pazifukwa zomveka. Filimu iliyonse imakhala ndi pangano lakelake ndi nkhani imene yachokera, ndipo panganolo salilemba pachikwangwani.

Amene simunaonere mundikhululukire: ndaulula kale imfa imodzi, ndipo zina zikubwera m'munsimu.

Tigwirizane kaye mawu atatu

Anime ndi makatuni opangidwa ku Japan. Kwathu tikamva katuni timaganiza za ana, koma kumeneko amajambula nkhani za misinkhu yonse: za nkhondo, za chikondi, za mpira, za maliro zimene. Anime zambiri zotchuka zimachokera ku manga, nkhani zojambula zimene zimatuluka mutu umodzi pa sabata kapena pa mwezi m'magazini, kenako n'kusonkhanitsidwa kukhala mabuku. Demon Slayer inayamba choncho. Koyoharu Gotouge anailemba m'magazini ya Weekly Shōnen Jump kuyambira 2016 mpaka 2020, ndipo inakwana mabuku 23.

Liwu lachitatu ndi limene limayambanitsa anthu: canon. Chinthu chikakhala canon ndiye kuti chinachitikadi m'dziko la nkhaniyo, ndipo zonse zobwera pambuyo ziyenera kuchilemekeza. Wafa mu canon wafa ndithu. Chipsera chimene mpangankhani walandira chikhalapo mpaka kumapeto. Chimene si canon chili ngati maloto: waonera, wasangalala, koma kukacha palibe amachikumbukira m'nkhanimo.

Ife tinakulira pa nthano timazidziwa bwino izi. Agogo akabwereza nthano ya Kalulu n'kunena kuti anathawira kuphanga, pomwe dzana anati anathawira kuuna, ana samadikira kuti nthano ithe. "Ayi agogo, si mmene munanenera paja!" Mwana amene wamva nthano kasanu amaiona ngati yakenso. Otsatira anime kwa zaka 10 kapena 20 ali ngati mwana ameneyu, kungoti iwo ali ndi mabuku m'manja ndiponso intaneti yofunsirana.

Filimu yobwereka njinga

Kwa zaka zambiri mafilimu a anime zazitali anali oti ukhoza kuwadumpha osataya kanthu, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Mlembi wa manga amakhala akadali pakati pa nkhani, ndipo situdiyo yopanga filimu sidziwa mmene adzaimalizire. Ikapha mpangankhani amene mlembi akumufuna chaka chamawa, zonse zasokonekera. Ndiye imachita ngati wobwereka njinga ya neba. Ukhoza kupita nayo kumsika, kuchigayo, ngakhale kutsidya kwa mtsinje, koma madzulo uibweze ili ndi matayala onse, belu lili pomwe linali.

Toei Animation inatulutsa mafilimu 13 a Dragon Ball Z pakati pa 1989 ndi 1995, ambiri osakwana ola limodzi, oonetsedwa pa holide za ana a sukulu. Kayendedwe kake kanali kamodzimodzi. Mdani watsopano watulukira, waopseza dziko, mwininkhani Goku kapena anzake amugonjetsa, ndipo kawirikawiri pa TV satchulidwanso. Otsatira amene anayesa kupeza kuti mafilimuwa akulowa pati m'nkhani ya pa TV anatopa nazo, chifukwa m'mafilimu ena mumapezeka pamodzi anthu amene nthawi imeneyo wina amayenera kukhala atafa, wina ali kudziko lina. Detective Conan nayo imatulutsa filimu chaka ndi chaka chiyambire 1997, kupatula 2020 pamene Covid-19 inaimitsa zinthu. Nyumba zimaphulika, ndege zimagwa, koma filimu ikatha Conan, kamnyamata kofufuza milandu, amabwerera m'kalasi lake lomwe lija la pulayimale.

Njirayi ili ndi ubwino umene anthu ena amaunyozera. Munthu aliyense akhoza kulowa, ngakhale kholo limene langoperekeza mwana. Vuto lake amalimva ndi wotsatira wakale. Ku video show timati sitelingi safa, koma apa ngakhale mnzake wa sitelingi sangathyoke chala, ndipo woonera amadziwiratu zimenezi asanakhale pansi.

Komabe njinga yobwereka nthawi zina imakomera mwini wake. Broly anaonekera koyamba m'filimu ya 1993. Akira Toriyama, mwini Dragon Ball, anangojambula maonekedwe ake, nkhaniyo analemba ndi Takao Koyama. Broly ameneyo anali chilombo cha munthu, wodana ndi Goku chifukwa ali makanda anagonekedwa moyandikana ndipo kulira kwa Goku kunkamusowetsa mtendere. Anthu anamukonda kwambiri moti anabweranso m'mafilimu ena awiri, koma m'manga sanalowemo. Patatha zaka 25, mu 2018, Toriyama analemba yekha Dragon Ball Super: Broly, n'kumuumba mwatsopano: mnyamata wofatsa wokulira padziko lachipululu ndi bambo ake ankhanza, amene ukali wake ndi chinthu chomuvutitsa iye mwini. Kuyambira pamenepo kuli a Broly awiri, wa canon ndi wakale uja, ndipo aliyense ali ndi omukonda.

One Piece ili pakatikati. Eiichiro Oda analemba yekha nkhani ya filimu ya Strong World mu 2009, ndipo mdani wa m'filimuyo, Shiki, amatchulidwa m'manga. Film Red ya 2022 inabweretsa Uta, mwana woleredwa ndi Shanks, mmodzi wa apangankhani ofunika kwambiri m'nkhani yonse. Otsatira ambiri anafika pogwirizana kuti anthuwo alipodi m'dziko la One Piece, koma zochitika za m'mafilimuwo sizikwana paliponse m'ndondomeko ya manga. Munthu ndi wa canon, ulendo wake ayi.

Sitima ya mu 2020

Pa 16 October 2020, mliri uli mkati, situdiyo ya ufotable inachita zosiyana. M'malo mopeka nkhani yapambali, inatenga chigawo chotsatira cha manga ya Demon Slayer, cha m'buku la 7 ndi la 8, n'kuchipanga filimu ya mphindi 117 yotchedwa Mugen Train. Aka sikanali koyamba kuti filimu ipitirize nkhani ya pa TV, koma panalibe ina inagulitsapo matikiti chonchi. M'masiku 73 inapitirira Spirited Away ya Hayao Miyazaki, imene inali pamwamba ku Japan chiyambire 2001, ndipo pomaliza inapeza ma yen oposa 40 biliyoni m'dzikomo mokha. Padziko lonse inaposa filimu ina iliyonse ya chaka chimenecho.

Kuti timvetse chifukwa chimene ena anatsatira, tione kumene ndalama zimachokera. Anime kawirikawiri sipangidwa ndi ndalama za kampani imodzi. Makampani angapo amasonkha, ngati alimi a pakalabu, n'kupanga komiti imene ku Japan amaitcha seisaku iinkai, ndipo phindu amagawana malinga ndi zimene aliyense anaponya. Pa Demon Slayer alipo atatu: Aniplex, Shueisha imene imasindikiza manga, ndi ufotable yojambula. Nkhani ikaonetsedwa pa TV, ndalama zimabwera mochedwa ndiponso mozungulira, kudzera m'madisiki, m'mabuku, m'zidole ndi m'makampani oonetsa pa intaneti. Ku sinema aliyense amalipira pakhomo. Ena amabweranso kachiwiri ndi kachitatu, chifukwa pakhomopo amagawa timphatso timene timasinthidwa pakapita masabata. Oyamba kuonera Mugen Train analandira kabuku ka Rengoku Volume 0, kokamba ntchito yoyamba ya Rengoku yopha ziwanda. Kabuku kotere ndi nyambo ya wotsatira wakale, chifukwa mlendo alibe nako ntchito.

Si ndalama zokha, ndipo apa ndiyenera kuwachitira chilungamo opangawo. Chigawo cha m'sitima chinali chokwanira bwino filimu: malo amodzi, usiku umodzi, ndipo dzuwa likamatuluka munthu wamkulu wafa. Imfa ya Rengoku inagwedeza anthu chifukwa inali yeniyeni. Njinga sinabwezedwe. Zonse zobwera pambuyo zimanyamula imfa imeneyo.

Pambuyo pake anime zina zinalowera komweko. Jujutsu Kaisen 0 inatuluka mu December 2021, Haikyu!! inapititsa ku sinema mu February 2024 masewero a volleyball amene otsatira anawadikira zaka, ndipo Chainsaw Man inapitiriza nkhani yake ndi filimu mu September 2025.

Mtengo wake woyamba ndi nthawi. Masewero a Haikyu!! aja, pakati pa matimu a Karasuno ndi Nekoma, m'manga amatenga mitu yoposa 30. Filimu inali ya mphindi 85. Amene anawerenga mabuku anawerengetsera zimene zinadulidwa, makamaka timphindi ta osewera ang'onoang'ono amene pa TV akanapatsidwa mpata. Ena anati kuthamanga kwake n'kumene kunawachititsa kumva ngati ali m'bwalo momwemo. Infinity Castle inasankha njira inayo, yosadula zambiri, ndipo inafika mphindi 155. Apa dandaulo linatembenuka. M'manga, nkhondo imaima kaye kuti tione mbiri ya amene akumenyanawo, ndipo powerenga mutu umodzi pa sabata zimenezi sizivuta. Ukaziika motsatizana m'filimu imodzi, ena amaona kuti nkhondo ikudukizadukiza, pomwe ena akupukuta misozi ndi mbiri ya chiwanda Akaza.

Mtengo wachiwiri umatikhudza ife amene tili kutali ndi Tokyo. Episodi ya pa TV imafika pa intaneti tsiku lomwelo kapena mawa lake. Filimu imayamba yazungulira ma sinema a ku Japan, kenako a maiko ena, ndipo pamapita miyezi isanafike pafoni. Kwathu kuno nyumba zoonetsera mafilimu n'zowerengeka, ndiye munthu amakhala akuzemba zithunzi ndi ndemanga pa Facebook kuti asamve mathero asanaone. Pa Mugen Train opangawo anatseka mpatawo patatha chaka. Mu October 2021 anaidula filimuyo kukhala ma episodi 7 a pa TV, yoyamba yake ili yatsopano. N'chifukwa chake mukhoza kupeza nkhani yomweyo kawiri, ndipo kuonera imodzi mwa ziwirizo n'kokwanira.

Anthu awiri pa benchi imodzi

Wolemba filimu yopitiriza nkhani amalembera anthu awiri nthawi imodzi. Wina wabwera atawerenga mabuku onse. Wina wakokedwa ndi mnzake ndipo sadziwa ngakhale dzina la mwininkhani. Zili ngati mlandu wa kwa amfumu umene wafika tsiku lachitatu ndipo kwabwera mkulu wina amene sanalipo: mukayambiranso pachiyambi enawo ayamba kuyasamula, mukapitiriza iye sagwirapo kanthu.

Njira imodzi yakale ndi filimu yachidule, imene amaitcha sōshūhen. Amatenga ma episodi a pa TV n'kuwapanikiza kukhala filimu imodzi kapena zingapo. Mobile Suit Gundam ya 1979 sinayende bwino pa TV ndipo inathera pa ma episodi 43, koma mafilimu atatu achidule a 1981 ndi 1982 anathandiza kwambiri kuidzutsa. Masiku ano mafilimu otere amatuluka kutatsala pang'ono kuti yatsopano ibwere, kuti mlendo afike pomwe pali anzake ndipo wakale akumbukire.

Chosokoneza n'choti chidulecho nthawi zina sichikhala chidule chabe. Code Geass inatha pa TV mu 2008 ndi imfa ya mwininkhani, Lelouch, ndipo kwa zaka 10 otsatira ankatsutsana ngati anafadi. Mu 2017 ndi 2018 kunatuluka mafilimu atatu achidule, ndipo amene ankaganiza kuti akungobwereza anadzidzimuka: mtsikana wotchedwa Shirley, amene pa TV anaphedwa, m'mafilimuwa ali moyo. Filimu ya 2019 imene Lelouch akuukanso imapitiriza mafilimu atatuwo, osati nkhani ya pa TV. Opangawo anatsegula msewu wachiwiri pambali pa woyamba. Amene amakonda mathero a 2008 atsala nawo osakhudzidwa, ndipo amene ankafuna Lelouch abwerere ali ndi yawo. Ena amaona kuti uku n'kulemekeza mbali zonse, ena amati imfa imene ili ndi khomo lakuseri yachepa mphamvu ngakhale khomolo lili pamsewu wina.

Zoterezi sizinayambe lero. Mu August 1978 filimu yachiwiri ya Space Battleship Yamato inatha ndi imfa ya apangankhani ambiri komanso kuwonongeka kwa chombocho. Mu October chaka chomwecho nkhani yomweyo inayamba pa TV, ndipo uko chombo ndi mwininkhani wake anapulumuka, nkhani n'kupitirira zaka zina.

Evangelion, kuyambira 1995 mpaka 2021

Palibe nkhani imene imaonetsa kukokanakokana kwa wopanga ndi omutsatira kuposa iyi. Neon Genesis Evangelion ya Hideaki Anno inaonetsedwa pa TV mu 1995 ndi 1996, ma episodi 26, yokamba za Shinji, mnyamata wa zaka 14 wokakamizidwa ndi bambo ake kuyendetsa chimakina chomenyera nkhondo. Anthu ankayembekezera nkhondo yomaliza ndi mayankho a zinsinsi zonse. Ma episodi awiri otsiriza anachitikira m'maganizo mwa Shinji, ndi zojambula zochepa ndi mafunso ambiri. Kunali phokoso. Mu July 1997 kunatuluka The End of Evangelion, filimu yokambanso ma episodi awiriwo, nthawi ino kuonetsa zochitika kunja. Nkhondo imene anthu ankaifuna inalimo, koma yowawa moti ambiri anatuluka ali chete. Mpaka lero pali amene amati mathero awiriwa ndi chinthu chimodzi choonedwa mkati ndi kunja, ndi amene amati akutsutsana.

Mu 2007 Anno anayambanso nkhaniyo ndi situdiyo yake ya Khara, m'mafilimu anayi. Yoyamba inatsatira ma episodi 6 oyambirira pafupifupi chithunzi ndi chithunzi. Mlendo anaona chiyambi chabwinobwino. Wakale anaona kuti nyanja ndi yofiira, monga mmene inalili kumapeto kwa filimu ya 1997, n'kuyamba kudzifunsa ngati uku n'kubwereza kapena kupitiriza mobisa. Chithunzi chimodzi, anthu awiri aja aona zosiyana. Yachiwiri, ya 2009, inapatuka poyera, n'kubweretsa mtsikana watsopano, Mari.

Yachitatu, ya 2012, ndiyo inagawa anthu. Shinji akudzuka n'kupeza kuti papita zaka 14. Misato, amene ankamulera ngati mlongo wake, tsopano ndi mtsogoleri wa chombo cha nkhondo ndipo amamulankhula mouma ngati mlendo. Am'veka chipangizo m'khosi choti chimuphe akayambitsanso ngozi, amuuza kuti asachite chilichonse, ndipo palibe akumufotokozera bwino chimene chinachitika. Woonera naye sauzidwa. Zithunzi zolawitsa zimene zinaonetsedwa kumapeto kwa filimu ya 2009 sizinapezekemo n'komwe. Kwa ine apa m'pamene pamaonekera bwino kuti kudziwa zam'mbuyo ndi chida m'manja mwa wopanga. Munthu amene anatsatira kuyambira 1995 ankadziona ngati mwini mudzi, ndipo filimuyi inamusandutsa mlendo pamodzi ndi Shinji. Ena anati uku n'kulimba mtima kwa mmisiri, ena anati n'kusalabadira anthu amene anadikira zaka zitatu.

Kenako kunali zii kwa zaka zoposa 8. Anno ananena poyera kuti atamaliza filimu yachitatuyo anadwala matenda a nkhawa, ndipo pakatipo anakapanga Shin Godzilla ya 2016. Yomaliza inatuluka pa 8 March 2021 n'kupeza ma yen oposa 10 biliyoni ku Japan. Chigawo chachikulu cha koyambirira kwake chimachitikira m'mudzi wa opulumuka, kumene anzake a Shinji a kusukulu akula, ena ali pabanja, anthu akuwoka mpunga. Amene anali ndi zaka 14 mu 1995, msinkhu wa Shinji, anali akuyandikira zaka 40 pamene ankaonera zimenezi. Filimuyo inkalankhula ndi anthu amene nawonso anakula ali pamzere wodikira.

Mawu ndi nkhope nazonso ndi nkhani

Kulumikizana kwa nkhani sikuthera pa zochitika. Aliyense amene anatsatirapo sewero la pa wailesi akudziwa mmene zimamvekera mpangankhani akasintha mawu: dzina lomwelo, koma khutu limakana. Ku Japan anthu opereka mawu m'makatuni amatchedwa seiyū, ndipo ndi akatswiri odziwika paokha. Megumi Ogata analankhula ngati Shinji kuyambira 1995 mpaka filimu yomaliza. Masako Nozawa, mayi wobadwa mu 1936, wakhala Goku chiyambire 1986. Hiromi Tsuru, amene anali Bulma wa mu Dragon Ball kwa zaka zoposa 30, atamwalira mu November 2017, Aya Hisakawa anatenga malo ake, ndipo anthu anamulandira poti panalibe kuchitira mwina.

Kusintha kochita kusankha ndiko kumabutsa mkwiyo. Slam Dunk, nkhani ya basketball ya Takehiko Inoue, inaonetsedwa pa TV kuyambira 1993 mpaka 1996 ndipo inaima timu isanafike kumpikisano wa dziko lonse, kumene kuli masewero otchuka kwambiri a m'manga, olimbana ndi timu ya Sannoh. Anthu anadikira zaka 26. Mu November 2022, kutatsala mwezi kuti filimu ituluke, matikiti ena atagulidwa kale, kunalengezedwa kuti osewera onse asanu apatsidwa mawu atsopano. Kajambulidwe nako kanali ka pa kompyuta, kosiyana ndi kakale. Pa intaneti panali moto.

The First Slam Dunk itatuluka pa 3 December 2022, anthu anapezanso kuti mwininkhani wasintha. M'malo mwa Sakuragi wa tsitsi lofiira, pakati panali Ryota Miyagi, ndi mbiri ya ubwana wake ku Okinawa ndi ya mkulu wake amene anatayika panyanja. Komatu amene analemba ndi kutsogolera filimuyo anali Inoue mwini wake, ndipo masewero a Sannoh anatha monga mmene anathera m'buku. Inapeza ma yen oposa 15 biliyoni ku Japan ndipo inadzaza ma sinema ku South Korea ndi ku China. Ambiri amene anakwiya anabweza mawu. Ena sanabweze, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka: iwo chimene ankadikira chinali kumva mawu aja a ubwana wawo akumaliza ulendo umene anauyamba.

Ndiye musanatsegule filimu

Chizindikiro chodalirika kwambiri ndi mmene episodi yomaliza ya pa TV inathera. Ngati inasiya anthu ali pakhomo la sitima kapena akugwera m'nyumba ya adani, filimu ikubwerayo ndi njira yokhayo yopitira patsogolo. Dzina nalo limathandiza: likakhala lofanana ndi la chigawo cha m'manga, monga Mugen Train kapena Infinity Castle, musadumphe. Ngati nkhani ya pa TV ikupitirira sabata ndi sabata osaima pomwe filimu ikutuluka, ndipo mdani wake simunamumvepo, mwina ndi yobwereka njinga ija. Dzina la mlembi wa manga pa filimu limakweza mwayi woti zina za m'menemo ndi canon, koma monga taonera pa One Piece, silitsimikizira zonse. Ndipo ngati pali mafilimu achidule amene anatuluka posachedwa, ndi bwino kufunsa ngati yatsopanoyo ikutsatira iwo kapena TV.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti abwerere kumsika akaitanitse Mugen Train. Anaonera usiku womwewo, ndipo m'mawa sanafune kulankhula zambiri. Anayambiranso foda ija pachiyambi, n'kuona Senjuro, mng'ono wake wa Rengoku, akupereka kwa Tanjiro kachitsulo kooneka ngati lawi la moto, kotchinga dzanja pa chigwiriro cha lupanga la mkulu wake. Ulendo woyamba kachitsuloko sanakalabadire. Lupanga limene Tanjiro analowa nalo mu Infinity Castle, kukakumana ndi Akaza amene anapha Rengoku m'filimu ya zaka zisanu m'mbuyomo, lili ndi kachitsulo komweko.

Patatha masabata awiri anabweranso, atafika pa sizoni yomaliza ya pa TV, pamene wosula malupanga akubweretsera Tanjiro lupanga latsopano. Anaimitsa chithunzi, n'kuchikulitsa ndi zala ziwiri, n'kundisonyeza.

"Amalume, taonani pachigwiriropo. N'ka Rengoku kaja."